Gologolo Achedwetsa Mtanga wa Onse

Padangokhala, amene ali maso avomere kuti tili limodzi, kalekale nyama zisanaphunzire kumanana, panali mtanga umodzi waukulu umene unkatchedwa Mtanga wa Onse.

Mtangawo unalibe mwini. Nyama iliyonse inkalera mbewu imene inkaidziwa bwino: Nungu maungu, Nkhanga mawere, Bwampini nzama, ena zawozawo. Akakolola, aliyense ankapatula mbewu yabwino n'kukathira mumtangamo, popanda womutuma, popanda womulipira. Mvula ikafika, aliyense ankatapamo, ngakhale mlendo wongodutsa. Ukatapa unali ndi ufulu wodzala, wosakaniza ndi zako, wogawirako abale akutali. Choletsedwa chinali kumana basi.

Koma chinthu cha anthu ambiri chimafuna tsiku lotsekera. Choncho nyama zinapangana kuti Nyenje, amene anali mlengezi wa dziko, akangoyamba kulira m'nyengo ya dzuwa, Nanzikambe msunga chingwe azimanga mfundo pachingwe cha mtanga. Mfundoyo inkatanthauza kuti kuthira kwatha, kwatsala kuchotsa. Kuyambira pamenepo Nyerere ndi anthu ake ankalowamo kukasankha njere imodziimodzi, kutaya zovunda, kupha anankafumbwe, ndi kuyesa zina m'phale la dothi lonyowa kuti aone ngati zimera. Ntchito imeneyi inkafuna nthawi, ndipo nthawi yake inali yomweyo, pakati pa kulira kwa Nyenje ndi mvula yodzalira. Wochedwa ndi mbewu yake ankadikira chaka chinacho, akhale Njovu, akhale Mbewa.

Tsono panali Gologolo, amene ankalera mtedza. Chaka chimenecho mtima wake unali pawiri. Mkazi wake Nangozo anali ndi pakati poyamba, ndiponso iye anali atapeza mtedza wina watsopano, wa njere zinayi m'khoko limodzi, wamafuta, woti ukautafuna umachita ulesi kumeza. Atakolola m'masika, mtedzawo unali wabwino kale. Koma Gologolo anaupenda, naupendanso, nati, "Ukhoza kukoma kuposa apa." M'malo mokauthira mumtanga, anakaudzalanso kudimba kuti adzasankhe wokoma mwa wokomawo.

Tsiku lina anakumana ndi Nanzikambe panjira.

"A Gologolo, mtedza wa chaka chino sindinauone," anatero Nanzikambe.

"Ukubwera, akulu. Ndipo ukabwera mudzasintha mtundu ndi chisangalalo mpaka mitundu ikuthereni."

"Ine ndimasintha mtundu, koma tsiku sindisintha. Thirani umene muli nawo. Wokomawo udzalowe chaka chamawa."

"Chaka chamawa? Mwana wanga abadwe anthu akudya mtedza wakale? Ayi. Ndikufuna akamakula azidzamuloza kuti, uyo ndi mwana wa mwini mtedza uja."

"Zamumtanga zilibe mwini," anatero Nanzikambe, nanyamula mwendo, nauganizira, nauponda pansi.

Dzuwa linakula. Nangozo anachira, ndipo kunabadwa kamwana kaamuna, kopanda ubweya, kotseka maso, kochepa ngati khoko la mtedza. Azamba, amene anali mayi Mfuko, anatseka chitseko cha mphako nati, "Chikuta chayamba. Mayi ndi mwana satuluka, bambo salowa, dzina silitchulidwa, mpaka mchombo ugwe."

Gologolo anavina panja mpaka mchira unamulemera. Kenaka anathamangira kudimba, nazula phando limodzi kuti aone. Mtedza unali woyera mbee, wamadzi okhaokha. Pobwerera anamva wina akukonza kukhosi pamtengo. Anali Nyenje.

"Odi, a Nyenje! Kukonza kukhosi kumeneku n'kwa chiyani?"

"Mawa ndikuyamba, bwanawe. Dzuwa landikwana pamsana."

Gologolo anamva ngati amuthira madzi ozizira. Nyenje akalira mawa, mfundo imangidwa mawa, ndipo mtedza wake utsalira kunja. Pomwepo anagwetsa nkhope, nagwetsanso mchira.

"Basi," iye anati. "Chauta anapatsa, Chauta atenge."

"Atenge chiyani?"

"Kamwana kathu. Kangobadwa kumene, liwombo lake likuchita kugunda ngati kukhosi kwa chule. Phokoso pang'ono kakudzidzimuka mpaka kuuma. Tsono inu mawu anu, pepani potero, amaboola ndi mwala womwe."

Nyenje anali wa mawu aakulu koma wa mtima wofewa. Anapinda mapiko ake mwakachetechete, kuopa kuti nawonso angasokose.

"Ine mwana ndilibe," iye anati, "koma sindingaphe wa mnzanga. Ndidikira. Akadzatuluka chikuta mudzandiuze. Chikuta sichikhalitsa, mtanga sungafe nacho."

"Mwatilera, a Nyenje. Mwanayu ndi wanu."

Gologolo anabwerera kwawo akulumphalumpha. Atafika pachitseko anakhala pansi nayamba kuimba. Inali nyimbo ya kayimbidwe kotonthozera mwana, yotsika, yogwedeza, yoti ukaimva maso amalemera. Mawu ake ankapempha dzuwa kuti likhale kaye, mitambo kuti ikayambe kucheza kwa ena, ndi kanthu kakang'ono kogona m'chikopa chake kuti kakule msanga. Pothera pa ndime iliyonse nyimboyo inkanyengerera chingwe kuti chigone tulo. Nangozo m'katimo ankayesa kanthu kakang'onoko ndi mwana wawo, ndipo anavomera nyimboyo ndi mawu okoma, akugwedeza khanda pachifuwa.

Kunja nako nyama zinayamba kuona kuti chingwe cha mtanga chikadali lendelende.

"Sanamange?" anafunsa Nungu. "Ndiye ndili ndi nthanga za maungu akudimba, ndatumbula dzulo. Zikaumira momwemo."

"Inenso ndili ndi nzama zamtundu wina," anatero Bwampini, mawu akutuluka movutika chifukwa nzamazo zinali m'masaya. Anakazilavulira mumtanga ndi malovu omwe.

Nkhanga naye anakathira mawere amene anatola kutsidya, osadziwa ngakhale dzina lake. Aliyense ankati, "Pakuti n'kotsegula."

Masiku anapita. Mtedza unakhwima ndipo Gologolo anaukumba. Koma mtedza wongokumba sulowa mumtanga, uyenera kuuma mpaka ulire m'khoko ukaugwedeza. Anauyanika pathanthwe. Tsiku lomwelo Nangozo anamuitana ali kuseri kwa chitseko.

"Inu! Mchombo watsala pang'ono. Mawa mukaitane azamba. Ndatopa kumangoti inu, inu, ngati ndikuitana mlendo. Ndikufuna ndizikuitanani bambo a uje, anthu azimva."

"Ndamva, Nangozo."

Mawuwo anamufika pamtima, pakuti nayenso dzinalo ankalilakalaka. Koma anatola khoko la mtedza, naligwedeza pakhutu. Linali zii.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, Nangozo anagona tulo ta munthu woyamwitsa. Gologolo anasuzumira pamng'alu wa chitseko, naona kamchombo katagwa kale pamphasa. Anayang'ana uku, nayang'ana uko. Kenaka anachita chimene bambo sachita: analowa m'chikuta. Anatola kamchomboko nakakwirira kuseri kwa chitseko. Anatenga kamuzu kouma ka mtedza, nakapaka ulimbo, nakamata pamimba pa mwana wake.

Mwanayo anatambasula kadzanja nagwira chala cha bambo wake. Kanali koyamba kukhudzana. Gologolo anaima chilili. Anatsala pang'ono kukachotsa kamuzuko. Koma anakumbukira mtedza pathanthwe, ndipo anasolola chala chake pang'onopang'ono, natuluka chafutambuyo, napita kukaitana azamba.

Mayi Mfuko maso awo anali manja. Anapapasa pamimba pa mwana, nagwedeza kamuzu kaja, napukusa mutu.

"Iii! Wauma gwa, koma wagwira ngati chitsa. Ine ndalandira ana ambiri, mchombo wotere sindinauonepo."

"Inu azamba, chibadwire munaonapo chiyani?" anatero Nangozo.

Anaseka awiriwo, ngakhale kuseka kwa Nangozo kunali kwa munthu wotopa.

"Seka, mwana iwe, koma usaukoke," anatero mayi Mfuko. "Mchombo sakakamiza. Khalanibe m'nyumba."

Potuluka anapeza Gologolo akudikira, manja kumbuyo.

"Zili bwanji, azamba?"

"Mwana wanu ndi wamakani. Sindikudziwa watengera yani."

Gologolo anapita kwa Nyenje. Anamupeza atakakamira pamtengo, thupi likunjenjemera ndi nyimbo yosatuluka.

"Watuluka?" anafunsa Nyenje monong'ona.

"Mchombo ukukana. Kafunseni azamba ngati mukundikayika."

"Kukayika bambo wa khanda? Ayi, bwanawe. Kungoti kukhosi kukundiyabwa. Chibadwire sindinakhalepo chete chonchi. Koma mwana ndi mwana."

Madzulo a tsikulo Gologolo anakhalanso pachitseko naimba nyimbo ija, ya dzuwa loti likhale kaye, ya mitambo yoti ikacheze kwina, ya chingwe choti chigone. Nangozo anavomera ndime yoyamba. Pa ndime yachiwiri analeka.

"Inu, nyimbo yanuyi bwanji ikupempha kuti kanthuko kaume? Mwana amauma?"

"Ndikunena mchombo, Nangozo."

"Oo," anatero Nangozo, ndipo sanavomerenso.

Pamenepo n'kuti mtanga utadzaza mpaka kutupa m'nthiti. Nanzikambe anauzungulira, diso lina pamtanga, diso lina kumwamba. Kenaka anaitanitsa msonkhano, ndipo nyama zonse zinabwera.

"Abale," iye anati, "Nyenje sakulira chifukwa cha chikuta cha kwa a Gologolo, ndipo sindikumudzudzula. Koma mphepo yatembenuka, mitambo yayamba kuitanizana. A Nyerere akufuna nthawi yosankhira. Ndiloleni ndimange mfundo lero."

"Zoona," anatero Nyerere ndi timawu take. "Mtanga ukutentha m'kati. Ndikadutsa pafupi ndikumva kafungo."

Gologolo anali atagwedeza mtedza wake m'mawa womwewo. Unali utayamba kuyankha, koma mwaulesi. Unkafuna dzuwa lina pang'ono. Anaimirira, naomba m'manja mwaulemu.

"Akuluakulu, ine ndine mwana, ndingofunsa. Mtanga uwu ndi wa yani?"

"Wa onse!" zinayankha nyama.

"Pangano lakuti mfundo imamangidwa Nyenje akalira, anapangana ndani?"

"Tonse!"

"Nanga lero munthu mmodzi akamanga chifukwa diso lake lina laona mtambo, chaka chamawa adzamanga chifukwa diso linalo laona chiyani? Maso a akuluwa okhaokha sagwirizana. Lina likuti kum'mawa, lina likuti kumadzulo. Ndiye ife titsate liti?"

Kunali phwete. Nungu anaseka mpaka minga inachita kulira, ndipo amene anali ndi timbewu tina tosapsa kunyumba ndi amene anaomba m'manja kwambiri.

"Pangano ndi pangano!" anafuula Bwampini. "Tidikire Nyenje!"

Nanzikambe anasanduka wotuwa ngati phulusa. Anayang'ana Gologolo, ndipo ulendo uno maso onse awiri anagwirizana.

"Chingwe ndi chanu," iye anati. "Ine ndimangosunga."

Gologolo anapambana, koma pobwerera sanalumphe. Maso awiri aja ankamutsata kumsana. Atafika pachitseko anayamba nyimbo yake, ndipo inkatuluka yopyapyala ngati ya munthu woimba pamaliro a mlendo. M'katimo palibe anavomera. M'malo mwake anamva kanthu kakuthamanga, tswe tswe tswe, kuzungulira mphako.

"Nangozo, n'chiyani chimenecho?"

"Mwana wanu. Watsegula maso, wamera ubweya, wayamba kuyenda. Chimene waona choyamba padziko ndi khoma."

 Mumtima Gologolo anati, dzuwa limodzi lokha, ndikonza zonse.

Ndipo dzuwalo linabweradi. Anagwedeza khoko, ndipo linalira tchekete, tchekete. Anasenda mtedza wonse, nathamanga nawo, naukhuthulira pamwamba pa mtanga. Unali wofiira, wonyezimira, wokongola kuposa chilichonse chinali m'menemo. Osapuma n'komwe, anathamangira kwa Nyenje.

"Lirani, a Nyenje! Mwana akutuluka lero! Lirani!"

Nyenje anakoka mpweya wa masiku onse aja. Koma asanatulutse mawu, kumwamba kunayamba kulankhula. Gugugu! Dontho linagwa pamphuno pa Gologolo, lina pamchira. Sinali mvula yongozimitsa lupsa ayi. Inali mvula yeniyeni, yodzalira, ija imati ukaiphonya waphonya chaka.

Nyama zonse zinathamangira kumtanga ndi timadengu tawo.

"Tiloleni titape! Nthaka yanyowa!"

"Titape zosasankha?" anatero Nanzikambe. "A Nyerere, lowani muone."

Nyerere analowa ndi anthu ake. Posakhalitsa anatuluka akutsokomola.

"Chuku!" iye anati. "Nthanga zaziwisi zavunda, zavunditsa ndi mawere omwe. Nzama zamalovu zamera ndevu. Anankafumbwe abwera ndi mawere akutsidya aja, ndipo aswana mpaka pansi. Tikanalowa nthawi yake tikanapulumutsa zambiri."

 Kenaka phokoso linabuka, pakuti aliyense ankafuna pokhuthulira manyazi ake.

"Ndi Nyenje!" anafuula Nungu. "Ine ndinathira chifukwa kunali kotsegula. Kunali kotsegula chifukwa mlengezi anagona!"

"Mlengezi wosalengeza ndi wa ntchito yanji?" anatero Bwampini. "Alandidwe udindo! Achoke m'dziko muno!"

Anamugwira Nyenje namuika pakati. Mvula inkamumenya mapiko.

"Sindinagone," iye anati. "Ndinalemekeza chikuta cha mnzanga. Ngati kuteteza khanda ndi mlandu, ndaulandira. A Gologolo ali pano, anene okha."

Maso onse anatembenukira kwa Gologolo. Iye, amene pamsonkhano uja mawu ankachita kusefukira, anangoti kukamwa yasa. Akanati anene zoona, dzina lake likanathera pomwepo. Akanati akhale chete, Nyenje akanapita. Anayang'ana pansi, ndipo anasankha kukhala chete.

"Mwaona?" anatero Nungu. "Bambo wa mwana akuchita kusowa mawu ndi chisoni. Iwe Nyenje, chikuta chimodzi n'kuphera dziko lonse?"

Pamenepo kumbuyo kunamveka mawu a mkazi.

"Patukani ndidutse."

Anali Nangozo. Anatuluka chikuta yekha, popanda azamba, mvula ili pamutu. Kumbuyo sanabereke khanda ayi. Pambali pake pankayenda kagologolo ka ubweya wake, ka mchira wake wautali, ka mano awiri akutsogolo, kakuphethira ndi kuwala kumene kanali kasanakuonepo.

"Khanda lake ndi limeneli?" anafunsa Nkhanga. "Ameneyu akhoza kukatunga madzi!"

Nangozo sanaseke. Anatambasula dzanja, ndipo m'dzanjamo munali kanthu kouma, kolumidwa theka.

"Lero mwana wanga wadya mchombo wake," iye anati. "Ndinakuwa, ndinkati walodzedwa. Nditamulanda ndinanunkhiza. Azamba, inu mphuno yanu sinama. Tanunkhizani."

Mayi Mfuko ananunkhiza, nalawa ndi nsonga ya lilime, nalavula.

"Muzu wa mtedza uwu. Ndi ulimbo." Anatembenuzira nkhope kumene kunkamveka kupuma kwa Gologolo. "Mwana iwe, unandiseweretsa manja anga? Ine ndilibe china choonera."

Palibe anafunsa kuti anamata ndani. Mtedza wofiira unali pamwamba pa mtanga, woonekera kwa aliyense.

Nangozo anaima pamaso pa mwamuna wake. Sanakweze mawu.

"Ine ndinkati mukuimbira mwana. Ndinkavomera."

Gologolo anafuna nthaka ing'ambike. Popeza sinang'ambike, anakweza mchira wake naufunda kumutu.

Nyenje ndiye analankhula.

"Bwanawe, munati mwanayu ndi wanga. Ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kumeza nyimbo yanga kuti akhale moyo."

"Amangidwe!" anayamba Nungu. "Ameneyu ndiye..."

"Nthanga zaziwisi anathira ndi iye?" anafunsa Nanzikambe. Nungu anagonetsa minga. Bwampini anayang'ana kumbali, ndipo Nkhanga anayamba kutokosa pansi ngati wataya kanthu. Nanzikambe anapitiriza, "Mlandu sitidzala. Mvula ikugwa. Khuthulani mtanga, aliyense akhale Nyerere lero."

Anamanga mfundo yake ija, ngakhale inali yochedwa, ndipo nyama zonse zinagwada m'matope kusankha. Zovunda kumanzere, zamoyo kumanja. Mulu wakumanzere unakula ngati chulu. Wakumanja unali woti Njovu akanauphimba ndi phazi limodzi.

Atafika pa mtedza wa Gologolo, Nyerere anauzungulira. Unali wouma bwino, wopanda chilema ngakhale njere imodzi.

"Wokongola," anatero Nyerere. "Koma sunayesedwe m'phale, ndipo nthawi yoyesera palibe. Sitigawira dziko chinthu chimene sitikuchidziwa."

"Ubwerere kwa amene anaubweretsa," anatero Nanzikambe. "Udzalowe chaka chamawa, nthawi yake."

Anauwolera m'kadengu nauika pamapazi pa Gologolo. Kenaka kugawa kunayamba. Kale aliyense ankatapa mmene wafunira, koma tsiku limenelo kunali kambewu kodzaza dzanja limodzi basi. Nyama zinkalandira mwakachetechete n'kumapita. Gologolo anayamba kusendera kumbuyo kuti azemberemo.

"A Gologolo," anaitana Nanzikambe. "Simunalandire."

"Ine, akulu?"

"Inu. Muli ndi banja."

"Ndimenyeni kaye. Ndithamangitseni. Chitani kanthu."

"Tambasulani dzanja. Kumbuyo kwanu kuli anthu."

Gologolo anatambasula, ndipo anamuthira mbewu zofanana ndi za wina aliyense, osachepetsa ngakhale njere. Chikwapu chikanapepuka. Mbewuzo zinamutentha m'dzanja njira yonse.

Kunyumba, mayi Mfuko anamuuza kuti afukule mchombo weniweni pamene anaukwirira, ndipo anafukula anthu akuona. Anamusambitsa mwana monga mwa mwambo, ngakhale ankathawa m'madzi n'kukwera mtengo. Itafika nthawi ya dzina, Nangozo anati, "Atchule ndi a Nyenje. Ndi amene anamusungira tulo."

Onse anayembekeza dzina lobaya, loti bambo azilimva kuwawa moyo wake wonse. Gologolo naye anaweramitsa mutu kulidikira. Nyenje anayang'ana kamwanako nthawi yaitali.

"Mwana sanamate ulimbo," iye anati. "Akhale Tidzalabe."

Atatero anaulukira pamtengo, natulutsa nyimbo yonse imene anameza, mpaka makutu a anthu analira. Kuyambira pamenepo Nyenje akayamba kulira samva pempho la munthu, ngakhale umuuze kuti m'nyumba muli wodwala.

Anthu atabalalika, Nangozo anaima pakhomo.

"Bambo a Tidzalabe," anaitana. Mawuwo anali ozizira, koma anaitana. "Mwana wanu sakukudziwani. Bwerani mumunyamule."

Gologolo anayandikira, natambasula manja. Tidzalabe anamununkhiza, namuluma chala. Gologolo sanachotse chalacho. Anangokhala pansi, misozi ili chuchuchu, mpaka mwanayo anatopa kuluma nagona pamiyendo pake.

Chaka chimenecho minda inamera mwa apo ndi apo. Mbewu zinali zochepa, ndipo munda uliwonse unali ndi malo ake osamera kanthu. Gologolo ankadutsa m'mphepete n'kumaona. Pakhomo pake panali kadengu ka mtedza uja, umene sakanatha kuudya chifukwa unkamukakamira pakhosi, ndiponso sakanatha kuupereka pamanja chifukwa analibe nkhope yogogodera pakhomo pa munthu.

Tsiku lina anatenga njere imodzi nayesa m'phale, monga amachitira Nyerere. Inamera. Anayesanso ina, inameranso. Pamenepo anatenga njere m'kamwa, napita kumalire a munda wa Nkhanga, nayang'ana uku ndi uko, nakumba msangamsanga, nakwirira, nathawira mumtengo. Anabwerera kukatenga ina, nakakwirira kumalire a munda wa Nungu. Ina kwa mayi Mfuko. Ina pansi pa mtengo wa Nyenje, ngakhale Nyenje sadya mtedza. Sankalowa pakati pa munda, ankangodzala m'malire, kuti wofuna akumbe, wosafuna asiye. Wina akatulukira, iye ankafunda mchira kumutu n'kuzimirira m'nthambi.

Njala inabwera ndithu, koma itafika pachimake nyama zinayamba kupeza mtedza m'malire mwa minda yawo, wa njere zinayi m'khoko limodzi. Zinakumba, zinadya, zinapatulako mbewu. Palibe anapita kukathokoza, ndipo Gologolo sanapite kukafunsa ngati wakoma.

Mpaka lero mukamuona gologolo akukwirira mtedza, amayang'ana uku ndi uko ngati wakuba, chonsecho akudzala. Anthu amati amaiwala pamene wakwirira. Saiwala ayi. Amadziwa phando lililonse. Kungoti amadutsa chapatali, mwana ali pambuyo, n'kumusonyeza ndi mchira kuti, apo si pathu.

Nthano yanga yagonera pamenepa. Amene anakwirira mtedza paphulusa akafukule, ungapserere.